Masheleni a m'chitini cha agogo ku Chiradzulu

M'midzi ya ku Mbombwe, Namitambo ndi Namadzi, si zachilendo kupeza makobidi obowoka pakati, matiki ndi masheleni odera m'chitini cha malemu agogo. Ana amaseweretsa, akuluakulu amapatsa aliyense wobwera ndi pakamwa pokoma, osadziwa chimene chili m'manja mwawo.

Wofuna kuzindikira ndalama yakale ayambe wayang'ana mutu ndi chaka. Sheleni ya ku Britain yopangidwa chisanafike chaka cha 1920, kaya ili ndi mutu wa Victoria, Edward VII kapena George V, ndi siliva weniweni, magawo 925 mwa 1,000. Kuyambira 1920 mpaka 1946 siliva anali theka lokha, ndipo mu 1947 anachotsedweratu. Ndalama zoyera za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zimene zinayamba kutuluka mu 1955, zisakupusitseni ndi kuyera kwake: ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Tiki yake ili ndi duwa, khobidi lili ndi njovu ziwiri. Maginito sangakuthandizeni, pakuti sagwira siliva, sagwiranso msakanizo umenewu. 

Koma kuno sheleni yakale imalemera kuposa siliva wake. Ndiyo inkalipira msonkho wa nyumba. Ndiyo inkadutsa m'manja mwa anthu ogwira thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene William Jervis Livingstone ankawazunza n'kumatentha matchalitchi awo. John Chilembwe, amene anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, ankaziona zonsezi, mpaka anthu ake anaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915. Lero nkhope yake ili pa K2,000, pomwe kandalama kamene kankakhetsa thukuta la anthu ake tikukataya kudzala. Zimandiwawa.

Za 1964 za mutu wa Kamuzu, monga sheleni ya chimanga, nazonso n'zosunga, chifukwa kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwake mu 1971.

Mukapeza ndalama yakale, musaikweche ndi mchenga kapena phulusa. Zokalika zimatsitsa mtengo ndipo malemba amafufutika. Ikulungeni pakapepala, lembani dzina la mwini wake ndi mudzi. Musanagulitse, kafunseni kaye kunyumba yosungirako zakale ku Chichiri, mu Blantyre.