Kulimba kwa Buleki M'dzanja Si Mphamvu Yake

Aliyense amene wakhalitsa ku Cuamba kuno akudziwa kuti njinga yamoto yasanduka mwendo wa anthu ambiri. Ndiyo imathamangira kuchipatala ndi mayi wodwala usiku, ndiyo imatuta matumba a nandolo ndi soya kumidzi, ndiyonso imafikitsa abusa ndi alaliki kumadera kumene galimoto silingafike nthawi yadzinja. Anyamata ambiri akudyetsa mabanja awo ndi táxi-mota, imene anzathu a ku Malawi amaitcha kabaza. Popeza ambirife timakwera njinga zimenezi, tinaona kuti ndi bwino tikambirane za kachipangizo kamodzi kamene kamakwana m'chikhato, koma kakasankhidwa molakwika kangathe kutayitsa moyo wa munthu.

Zimene zinatichitikira

M'dzinja lina lapitalo njinga ya pampingo pathu inagwa pamatope, ndipo panasweka kachipangizo ka pahandulo yamanja kamene kamasunga ndi kukankha mafuta a buleki yakutsogolo. Amakaniko akuno amakatcha bomba de travão m'Chipwitikizi, pamene a tsidya la Chiponde amati masita silinda. Tinatuma mmodzi wa akulu ampingo kuti akagule silinda ina. M'sitolo munalibe yofanana ndi yoswekayo, koma wogulitsa anatulutsa ina yokulirapo, yonyezimira bwino, nawatsimikizira kuti yaikulu ndiyo yamphamvu. Itamangidwa, tonse tinayesa kufinya kachitsulo ka buleki kaja, kamene m'nkhani ino tizikatchula kuti chofinyira. Chinali gwa ngati mwala, ndipo tinakondwa poganiza kuti tapeza buleki yeniyeni.

Patapita masabata awiri, mbale wathu anali kubwerera kuchokera ku Massangulo, m'boma la Ngauma, atanyamula mnzake kumbuyo. Akutsetsereka kulowera ku Mandimba, mbuzi zinadumphira mumsewu. Iye anafinya buleki ndi zala zonse zinayi, chofinyira chinalimba monga kale, koma njinga inangopitirira. Mwamantha anaponda mwamphamvu buleki yakumbuyo, tayala linatsetsereka, ndipo onse awiri anagwera m'mbali mwa msewu. Anasupuka mawondo ndi zigongono, koma moyo unapulumuka.

Makaniko wina wachikulire amene tinamutengera njingayo anaitanitsa silinda yosweka ija. Anaitembenuza, napukuta dothi ndi chala, nati: "Bambo, taonani apa." Pansi pake panalembedwa 11. Pansi pa yatsopano panalembedwa 14. Pamenepo tinakumbukira mawu a makolo akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mmene buleki ya mafuta imagwirira ntchito

Njinga zambiri zazing'ono zili ndi mabuleki okoka ndi waya, ndipo nkhani ino sikunena za zimenezo. Tikunena za njinga zimene zili ndi chimbale chachitsulo patayala lakutsogolo, chotchedwa disiki. Buleki yotereyi inatchuka pa njinga zamoto kuyambira mu 1969, pamene kampani ya Honda inatulutsa njinga ya CB750. Nzeru yake ndi yakale kuposa pamenepo. Blaise Pascal wa ku France, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1623 mpaka 1662, anasonyeza kuti madzi otsekeredwa m'chotengera akapanikizidwa mbali imodzi, kupanikizikako kumafika mbali zonse mofanana.

M'kati mwa silinda muli kapisitoni kakang'ono. Tikakoka chofinyira, kapisitoniko kamakankha mafuta, mafutawo amadutsa m'paipi kutsikira kutayala, ndipo kumeneko amakankha pisitoni yokulirapo imene ili mu kalipa. Pisitoni imeneyo ndiyo imapanitsa disiki ndi mapadi kuti tayala liime. Chinsinsi chagona pa kusiyana kwa kukula kwa mapisitoni awiriwa. Wam'mwamba akakhala wochepa poyerekeza ndi wam'munsi, mphamvu ya zala zathu imachulukitsidwa kambirimbiri isanafike kutayala.

Amayi osoka amachidziwa chimenechi. Singano imaboola nsalu yokhuthala popanda vuto, koma msomali wobuntha sungaboole ngakhale titaukankha ndi mphamvu yomweyo, chifukwa mphamvuyo yamwazikana pamalo aakulu. Ndi mmenenso zilili ndi silinda. Kapisitoni kochepa kamasonkhanitsa mphamvu ya dzanja pamalo ochepa, motero mafuta amapanikizika kwambiri. Kakakula, mphamvu yomweyo imamwazikana ndipo mafuta amapanikizika pang'ono.

Tanthauzo la manambala aja

Nambala yolembedwa pa silinda imanena kutambalala kwa kapisitoni. Ena amalemba m'mamilimita, monga 11 kapena 14, ena m'mainchi, monga 1/2, amene ali mamilimita 12.7, kapena 5/8, amene ali pafupifupi mamilimita 16. Munthu angaganize kuti kusiyana kwa mamilimita 3 n'kochepa, komatu chofunika ndi kukula kwa nkhope yonse ya kapisitoniko. Ka mamilimita 11 kali ndi nkhope ya masikweya milimita 95, pamene ka mamilimita 14 kali ndi 154. Tsono pamene tinachotsa 11 n'kuika 14, mphamvu yofika kutayala inatsika kufika pa magawo 62 mwa magawo 100 alionse. Dzanja lofinya ndi mphamvu ya makilogalamu 10 linayamba kugwira ntchito ya makilogalamu 6 okha.

Nanga n'chifukwa chiyani chofinyira chinalimba chotero? Kapisitoni kakakulu kamatulutsa mafuta ambiri kakangosuntha pang'ono, kotero mapadi amakhudza disiki msanga ndipo chofinyira chimaima chisanayende patali. Dzanja limamva kulimba, mtima n'kukhazikika, koma mapadiwo angokhudza chabe, sanapane. Apa ndi pamene tinanyengekera. Silinda za 14 ndi 5/8 kawirikawiri zimapangidwira njinga zazikulu za madisiki awiri, zimene zili ndi mapisitoni ambiri ofuna mafuta ochuluka. Njinga za disiki imodzi, zonga zathuzi, nthawi zambiri zimabwera ndi 11 kapena 1/2.

Pasakhale wina woganiza kuti yaing'ono ndiyo yabwino nthawi zonse. Silinda ikachepa kuposa muyezo, mafuta amene imatulutsa sakwanira, ndipo chofinyira chingathe kufika pahandulo n'kupana zala mapadi asanagwire mokwanira. Ikagwira, imagwira mwaukali, ndipo pamchenga kapena pamiyala ya misewu yathu yakumidzi tayala lakutsogolo limauma, wokwera n'kugwa chafufumimba. Opanga njinga anayeza silinda ndi kalipa kuti ziyendere limodzi, ndipo muyezo umenewo ndi umene tiyenera kuusunga.

Tikapita kukagula

Choyamba, tisataye silinda yakale. Tiitsuke, tiwerenge nambala imene ili pansi kapena m'mbali mwake, ndipo tipite nayo kusitolo. Tisakhulupirire maonekedwe akunja, pakuti silinda ziwiri zingafanane thupi koma n'kusiyana m'kati. Ngati nambala yafufutika, makaniko atulutse kapisitoni n'kukayeza. Ngati ya muyezo wathu palibe ku Cuamba, ndi bwino njinga igone masiku angapo, tiitanitse ku Nampula kapena ku Lichinga, kusiyana ndi kumanga imene yapezeka. Ndipo ngati kalipa inasinthidwapo n'kuikidwa ya njinga ina, silinda iyenera kugwirizana ndi kalipa imene ilipoyo.

Chachiwiri, buleki ikayamba kufewa tisathamangire kugula silinda yaikulu. Kufewa kumadza chifukwa cha mpweya umene walowa m'paipi, mafuta okalamba, mphira zotha m'kati mwa silinda, kapena paipi imene yayamba kufufuma. Mpweya umafinyika pamene mafuta safinyika, n'chifukwa chake chofinyira chimakhala ngati siponji. Mankhwala ake ndi kutulutsa mpweya, kusintha mafuta kapena kusintha mphirazo. Silinda yaikulu imangobisa matendawa, n'kuwonjezerapo ena.

Chachitatu, tithire mafuta amene alembedwa pa chivundikiro cha silinda, kawirikawiri DOT 3 kapena DOT 4. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi. A DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka kutentha kutafika madigiri 230, koma akayamwa madzi angawire pa madigiri 155. Pamtsetse wautali, njinga italemedwa, buleki imatentha kwambiri, ndipo mafuta akawira chofinyira chimangolowa chopanda kanthu. Tiwasinthe pakatha zaka 2 zilizonse, ndipo botolo likhale lotseka bwino. Oilo wa injini kapena mafuta ophikira asalowemo ngakhale dontho, chifukwa amatupitsa mphira zonse. A DOT 5 ndi a mtundu wina, sasakanizidwa ndi enawa.

Chachinayi, ntchito ikatha tiyese njinga pabwalo popanda anthu, poyamba pang'onopang'ono, kenaka titanyamula munthu kumbuyo. Buleki yabwino imayenda pang'ono, kenaka imalimba, ndipo tikawonjezera kufinya njinga nayo imawonjezera kuima. Zala ziwiri kapena zitatu ziyenera kukwanira. Tionenso ngati nyali yofiira yakumbuyo ikuyaka tikafinya.

Msewu wasintha

Kale ulendo wa makilomita pafupifupi 300 wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka ku Lichinga unali wa fumbi ndi matope, ndipo maenje ndiwo ankatiletsa kuthamanga. Lero msewu wa N13 uli ndi phula, ndipo njinga zikuuluka. Koma liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti njinga iime umawirikiza kanayi. Pamene njinga ikuima, kulemera kwake kumathamangira kutsogolo, motero buleki yakutsogolo ndiyo imagwira gawo lalikulu la ntchito. Buleki imene yataya gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake ingatinyenge miyezi yambiri m'tauni, n'kudzationetsa zoona tsiku limodzi mwana atathamangira mpira pamsewu.

Tikupempha makomiti amene amasamala njinga za mipingo kuti alembe nambala ya silinda m'buku la katundu, pamodzi ndi tsiku limene mafuta anasinthidwa. Inunso anyamata athu a táxi-mota, madzulo ano weramani muone pansi pa silinda ya njinga yanu, makamaka ngati munaigula kwa munthu wina. Mayi amene akukwera kumbuyo kwanu atabereka mwana sadzafunsa za nambala imeneyi, wangokukhulupirirani. Ife njinga yathu tinaibwezera 11. Chofinyira chake n'chofewerapo kuposa chija tinachitamanda, koma tsopano ikauzidwa kuima imaima.