Kumene ofuna kusiya mowa amagwirana dzanja

M'makwalalamu muli abambo ndi amayi ambiri amene tsiku lawo siliyamba asanaphe matsire. Kukamacha manja amakhala akunjenjemera moti tiyi amatayikira m'kapu, ndipo thupi limakhazikika pokhapokha akameza kachasu. Achibale ayesa zonse: kukalipa, kubisa ndalama, kuitana ankhoswe, kupita naye kwa abusa. Mwiniwakenso walumbirapo kangapo kuti basi wasiya, koma malipiro akangolowa, anzake a ku bala amakhala akumudikirira kale.

Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko yoyendetsera nkhani za mowa m'dziko muno. Malamulo otere ndi ofunika, koma munthu amene mowa unamulowerera amasowanso chinthu china: anzake amene anadutsa momwe iye akudutsamo, oti azikumana nawo sabata ndi sabata.

Gulu lina lotsatira nzeru imeneyi linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron, ku Ohio, m'dziko la America. Bill Wilson, wamalonda wa ku New York, anali atatha miyezi ingapo osalawa mowa. Zomwe anapitira ku Akron zitakanika, chibaba chinamugwira ali yekha pa hotela. M'malo molowa m'bala, anayamba kuimba mafoni kufunafuna chidakwa mnzake woti acheze naye. Anapeza Bob Smith, dokotala wa maopaleshoni amene mowa unali utamusokoneza. Kucheza kwawoko kunabala gulu la Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, lomwe lero lili m'mayiko pafupifupi 180. Akuluakulu sananame: kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Msonkhano wa AA ulibe zambiri. Anthu amakhala pa mipando m'kachipinda kobwereka, kawirikawiri kwa ola limodzi. Wofuna kulankhula amatchula dzina lake loyamba lokha, n'kuvomera pakamwa kuti ndi chidakwa. Kenako amafotokoza zake: momwe anagulitsira matumba a feteleza, momwe anamwera fizi ya mwana, momwe wapirira sabata imeneyo. Palibe womudula mawu, palibe womuweruza, ndipo zonenedwa m'menemo sizituluka panja. Wobwera koyamba akhoza kungokhala chete n'kumamvetsera. Ambiri amagwidwa mtima pomwepo, akamva mbiri yawo yomwe ikutuluka m'kamwa mwa munthu amene sanamuonepo.

Kulowa n'kwaulere; chofunika n'chimodzi, mtima wofuna kusiya. Kambale kamayenda kuti amene ali nako kangachepe aponyemo ka tiyi ndi ka chipinda. Gululi si mpingo, ngakhale limalimbikitsa munthu kudalira mphamvu yoposa yake, choncho Mkhristu, Msilamu ndi wosapemphera amakhala pamodzi. Pali masitepe 12 amene amatsata, kuyambira kuvomera kuti mowa wakugonjetsa, kuphatikizapo kulemba mayina a onse amene unawalakwira ndi kukakonza zomwe zingakonzeke. Watsopano amasankhanso mnzake amene anasiya kalekale, woti azimuimbira chibaba chikavuta, kaya ndi pakati pa usiku. Salonjeza zosiya moyo wonse. Amangolimbana ndi lero, za mawa azionera mawa.

Nanga magulu otere munthu angawapeze bwanji? Poyambira pabwino ndi ku chipatala. M'zipatala za m'maboma mumakhala anamwino ndi madokotala oona za matenda a maganizo, ndipo kuli chipatala cha Zomba Mental komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komwe amathandiza ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Funsani mosabisa ngati akudziwa gulu lomwe limakumana kufupi ndi kwanu. Funsaninso ansembe, abusa ndi mashehe, chifukwa misonkhano yambiri imabwereka zipinda za nyumba zopemphereramo. Amene ali ndi foni ya intaneti angapeze misonkhano ya pa Zoom, yomwe inachuluka kuyambira nthawi ya Covid-19. Abale athu a ku Johannesburg, Cape Town ndi London ali ndi mwayi, poti kumeneko misonkhano imachitika tsiku ndi tsiku.

Dziwani kuti misonkhano ina ndi ya ofuna kusiya okha, pamene ina imalola aliyense. Akazi, amuna ndi makolo a zidakwa ali ndi gulu lawolawo la Al-Anon, lomwe Lois Wilson, mkazi wa Bill, anathandiza kuyambitsa mu 1951.

Chenjezo n'lakuti amene wamwa kwambiri kwa zaka asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. M'masiku oyamba akhoza kukomoka ngati wa khunyu, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kufa kumene. Ayambe waonana ndi dokotala. Gulu silitenga malo a mankhwala.

Ngati kwanu kulibe gulu, musataye mtima. Mwambo wa AA umalola anthu awiri kapena atatu ofuna kusiya mowa kuyambitsa lawo. Pemphani chipinda ku tchalitchi, ku mzikiti kapena ku sukulu, sankhani tsiku ndi nthawi, ndipo muzitsegula chitseko sabata iliyonse osaphonya. Uzaninso anamwino a pa chipatala chapafupi, kuti wina akadzafunsa adzadziwe komulozera.