Musanagule makina oumba zipangizo, yambani mwafunsa

Mlimi aliyense wa kachewere kuno ku Angónia amaudziwa mwezi wa Januwale, pamene mvula yakhazikika, chiwawu chayamba kutentha masamba, ndiye mpope wopopera mankhwala n'kuthyoka kachogwirira. Thanki ili bwinobwino, paipi ili bwinobwino, koma kaamba ka kapulasitiki kosaposa chala, mpope wonse wagona pakhonde. Mwini wake amazungulira msika wa pa Ulongwe, m'mawa mwake n'kudumpha malire pa Calómuè kukafunsa pa Dedza, ndipo konseko amamuuza kuti kameneko sagulitsa pakokha, angogula mpope wina. Masiku angapo akadutsa osapopera, munda ukhoza kuonongeka.

Vuto lomweli lili pa wailesi yoguluka kotsegulira, pa makina osokera, pa tochi yotaya kachitseko ka mabatire ndi pa njinga yamoto. Mzinda wa Tete uli pa mtunda woposa makilomita 200, ndipo palibe yemwe angalipire chapa kupita ndi kubwera chifukwa cha kanthu kakang'ono chotere.

Amene mumaonera zithunzi pa Facebook ndi YouTube mwina munaonapo makina otchedwa 3D printer, omwe amaumba zipangizo zoterezi munthu ali m'nyumba mwake. Mtengo wake unatsika ndithu, kotero kuti mlimi yemwe wagulitsa bwino fodya kapena soya akhoza kuwaganizira. Koma ndalama ya chaka chonse siponyedwa pa chinthu chongoonera pa foni. Safunsa anadya phula.

Amagwira ntchito bwanji?

Amene anaonapo mayi akuumba mbiya savutika kumvetsa. Mayi uja amapota dongo, n'kumalisanjikiza mozungulira, mzere pamwamba pa unzake, mpaka mbiya itaima. Makinawa amachitanso chimodzimodzi, kungoti dongo lake ndi ulusi wa pulasitiki wotchedwa filamenti, wonenepa mamilimita 1.75, womwe umabwera wokulungidwa pa mpukutu wolemera kilogalamu imodzi.

Ulusiwo umakokedwa kulowa m'kamlomo ka chitsulo kotentha madigiri 200 kapena kuposerapo. Umasungunuka, n'kutulukira pa kabowo ka mamilimita 0.4, ndipo kamlomoko kamayenda uku ndi uku pamwamba pa mbale yofunda, kusiya mizere yopyapyala yomwe imauma nthawi yomweyo. Njira yoti kadutse kamaiwerenga pa chojambula cha pa kompyuta chomwe mwaika pa kakhadi, konga kaja mumasungirapo nyimbo mu foni.

Musayembekezere liwiro la chigayo. Kanthu kofanana ndi bokosi la machesi kamatenga pafupifupi ola lathunthu pa makina otchipa, ndipo chinthu chachikulu ngati kapu chimadya maola angapo.

Anachokera kuti?

Luso limeneli si la dzulo. Analilembetsa ndi Scott Crump wa ku America m'chaka cha 1989, ndipo kwa zaka 20 kampani yake ya Stratasys ndi yomwe inali ndi umwini wake, motero makinawa ankapezeka m'mafakitale okhaokha. M'chaka cha 2005 mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Bath ku England, Adrian Bowyer, anayambitsa ntchito ya RepRap, yogawa ulere ndondomeko ya kapangidwe ka makina otere. Umwini wa Crump utatha mphamvu mu 2009, makampani ambiri analowa m'bwalo ndipo mitengo inagwa.

Kuno ku Africa anthu sanangopenyerera. Mu 2013 Afate Gnikou wa ku Lomé, m'dziko la Togo, anapanga makina ake pogwiritsa ntchito zidutswa za makompyuta otayidwa kudzala. Ku South Africa kalipentala Richard van As, yemwe anadulidwa zala ndi macheka mu 2011, anagwirizana ndi Ivan Owen wa ku America n'kupanga dzanja la pulasitiki lotchedwa Robohand, lomwe linathandiza ana obadwa opanda zala. Ku Blantyre, sukulu ya Polytechnic, yomwe tsopano ikutchedwa MUBAS, inakhazikitsa chipinda cha luso mothandizana ndi Rice University ya ku America, momwe ophunzira amayesera zipangizo za m'chipatala pa makina otere. Ndipo chivomezi chitagwedeza dziko la Nepal mu 2015, bungwe la Field Ready linkaumbira pomwepo zolumikizira mapaipi a madzi m'malo modikira kuti zichokere kunja. Phindu la makinawa limaoneka kwambiri kumalo kumene sitolo ili kutali.

Zoyang'ana pogula

Choyamba, musasokoneze mitundu. Pali makina ena ogwiritsa ntchito mankhwala amadzimadzi otchedwa resin. Mtengo wake umafanana ndi awa, koma mankhwalawo amayabwa pakhungu, amanunkha, ndipo zomwe amaumba sizichedwa kusweka. Inu mukufuna a ulusi, omwe pa bokosi pake pamalembedwa kuti FDM.

Chachiwiri ndi kukula kwa mbale, chifukwa makinawa saumba chinthu choposa malo ake. Ender 3, yomwe kampani ya Creality ya ku Shenzhen m'dziko la China inatulutsa mu 2018 pa mtengo wa madola pafupifupi 200, imaumba chinthu chofika masentimita 22 m'litali, 22 m'lifupi ndi 25 msinkhu. A1 mini ya kampani ya Bambu Lab, yomwe inatuluka mu 2023, imafika masentimita 18 mbali zonse. Pa ntchito ya masipeyala ang'onoang'ono, onsewa ndi okwanira. Musalipire zambiri chifukwa cha mbale yaikulu yomwe simudzaidzaza.

Chachitatu ndi kuwongola mbale. Mzere woyamba ukapanda kumata bwino, ntchito yonse imasanduka chisa cha mpheta. Pa Ender 3 yakale munthu amawongola yekha, kupotokola tizitsulo tinayi ta pansi pa mbale uku akuyesa mpata ndi pepala, ndipo apa ndi pamene ambiri ongoyamba kumene amagwera mphwayi. Makina atsopano monga Ender-3 V3 SE a mu 2023 ndi A1 mini amadziyeza okha. Ngati kusiyana kwa mtengo kuli kochepa, tengani odziyeza okha.

Chachinayi, chomwe kwa ife a m'malire ndicho chachikulu, ndi masipeyala a makinawo. Kamlomo kamatsekeka, lamba amatha, kapaipi kodutsamo ulusi kamapsa. Ubwino wa makina a mtundu wa Ender ndi woti anagulidwa ndi anthu ambirimbiri pa dziko lonse, motero zitsulo zake n'zotchipa, zimalowana ndi za makampani ena, ndipo wokonza mafoni kapena mawailesi akhoza kuwamasula. A Bambu Lab savuta kugwiritsa ntchito, koma zitsulo zake zambiri n'za kampani yomweyo basi. Mulimonsemo, tsiku logula makina mugulenso timilomo tingapo ndi lamba wapadera.

Ngati mbale wanu wa ku Johannesburg wakupezerani ogwiritsidwa kale ntchito, muuzeni asapereke ndalama asanaone makinawo akuumba chinthu kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ulusi uli mitundumitundu

Wodziwika kwambiri ndi PLA, ndipo mudabwa kumva kuti umapangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe. Suvuta kuumba ndipo sununkha kwambiri, koma umayamba kufewa pa madigiri 60. Kanthu ka PLA mukakasiya m'galimoto yotseka mawindo kapena pa malata mwezi wa Okutobala, mukapeza katapindika. Ndi wabwino pa zinthu za m'nyumba ndi pophunzirira.

Pa zipangizo za kumunda ndi za pa njinga sankhani PETG, m'bale wake wa pulasitiki ya mabotolo a madzi. Umafuna kamlomo kotentha madigiri 230 mpaka 250, umapirira madzi ndi dzuwa kuposa PLA, ndipo suthyoka msanga. ABS umapirira kutentha, koma umatulutsa fungo loipa ndipo umapindika ukamazizira, makamaka m'chisanu chathu cha Juni ndi Julayi. Ongoyamba kumene ausiye kaye.

Mdani wa ulusi ndi chinyezi. M'dzinja mpukutu wosiyidwa pamtunda umayamwa madzi a mumpweya, ndipo poumba umathetheka n'kutulutsa zinthu zofooka. Usungeni m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tomwe timabwera nawo.

Nanga magetsi?

Makina ang'onoang'onowa akamaumba PLA amadya mawati 100 mpaka 150, kutanthauza kuti maola asanu ndi atatu amatha pafupifupi yuniti imodzi ya Credelec. Koma akamatenthetsa mbale poyamba amakoka mpaka mawati 300, choncho kasola koyatsira mababu ndi kutchaja foni sikangakwanitse. Pamafunika batire lalikulu ndi inveta ya mawati osachepera 500.

Funsani ngati makinawo amapitiriza pomwe analekera magetsi akazima. Opanda luso limeneli amakutayitsani ulusi ndi maola onse omwe munadikira. Chinanso, makina ambiri a Ender ali ndi kabatani m'mbali kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi a EDM ndi a ESCOM ndi a mphamvu ya 220 mpaka 240, motero kabataniko kakhale pa 230 musanalumikize. Mukaiwala, makina amapsa tsiku loyamba lomwelo.

Kumbukiraninso kuti m'makinamu muli moto. Musawasiye akugwira ntchito usiku inu mutagona, makamaka m'nyumba yofolera udzu, ndipo ana asayandikire kamlomo.

Tiwerengere ndalama

Makina otchipa amagulidwa pakati pa madola 150 ndi 300 kumene amachokera. M'chaka cha 2024 dola imodzi inkasinthidwa ndi mametikali pafupifupi 64 ku banki, choncho makina a madola 200 anali mametikali 12,800. Pamwamba pake onjezani mtengo wonyamulira, msonkho wa ku Alfândega ndi IVA, yomwe inaikidwa pa 16 peresenti mu 2023. Mpukutu wa ulusi umagulidwa madola 15 mpaka 25 usanakwere galimoto. Ngati kachipangizo kamodzi kakulemera magalamu 20, mpukutu umodzi ungatulutse 50, koma chotsanipo zingapo zomwe zidzaonongeke pophunzira.

Musanagule, dziwani kumene muzikatenga ulusi mpukutu woyamba ukatha, kaya ndi ku Maputo, ku Lilongwe kapena kwa abale a ku South Africa. Makina opanda ulusi ali ngati ngolo yopanda ng'ombe.

Zomwe simuyenera kuumba

Chinthu choumbidwa motere chimafooka m'malo molumikizana mizere, monga momwe nkhuni imang'ambikira motsata mitsempha yake. Pa chifukwa ichi musaumbe chilichonse cha mabuleki a njinga kapena njinga yamoto, chonyamula katundu wolemera, kapena chokhala pafupi ndi injini. Pa mpope wopopera mankhwala umbani zogwirira ndi zomangira malamba, koma zodutsamo mankhwala gulani zenizeni, popeza zoumbazi zimatha kudontha, ndipo mankhwalawo amathera pamsana panu. Makapu ndi mbale zodyera nazonso ayi, chifukwa m'mizere muja mumabisala litsiro losachoka ndi sopo.

Zomwe zimatheka bwino ndi zotsegulira wailesi, zivindikiro, zoikapo foni pa njinga yamoto, zokolekera nyale za sola, zolumikizira mapaipi othirira kudimba pomwe madzi sathamanga mwamphamvu, ndi zida zophunzitsira masamu kusukulu.

Luso liposa makina

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa intaneti, m'malo monga Thingiverse ndi Printables, muli zojambula zaulere zambirimbiri, koma kachogwirira ka mpope wanuwo mwina simukapezamo. Pafunika munthu wodziwa kuyeza chothyokacho ndi chida cha amakanika chomwe pa Chipwitikizi amati paquímetro, n'kuchijambula pa kompyuta. Mapulogalamu ake ndi aulere: FreeCAD yojambulira, yomwe sifuna intaneti mukaiika, ndi Cura yogawa chojambulacho m'mizere yoti makina atsate. Koma kuwazolowera kumatenga miyezi, ndipo pafunika laputopu. Pa Ulongwe pompano pali ophunzira a za ulimi a UniZambeze omwe kompyuta anaizolowera, ndipo si zamanyazi kuwapempha kuti akuthandizeni.

Tisaiwalenso amisiri athu. Nthawi zambiri wowotcherera zitsulo, wosula malata kapena mphira wa chubu chakale amathetsa vuto msanga ndi motchipa. Makinawa amathandiza pomwe amisiriwa alephera, pa tizinthu tofuna muyeso weniweni.

Malangizo athu ndi awa. Tengani kope, ndipo kwa mwezi wathunthu muzilemba chilichonse cha pulasitiki chomwe chathyoka kwanu ndi kwa anansi, ndi ndalama yomwe mwini wake angalolere kulipira kuti chikonzedwe. Mwezi ukatha, werengerani. Ngati mwalemba zinthu zitatu zokha, ndalama yanu ikagule feteleza. Ngati tsamba ladzaza, kambiranani ku kalabu ya alimi kapena ndi mnyamata wokonza mafoni pa msika, musonkherane, makina akhale pamalo pomwe pali magetsi ndi munthu mmodzi woti aziwasamala. Mutu umodzi susenza denga. Mukatero, Januwale ikadzafika mpope n'kuthyokanso, ulendo wake udzakhala wa pa Vila pomwepa, ndipo madzulo ake mudzakhala muli m'munda.