Kangaude woponya ukonde: foni ikakupatsani dzina, musafulumire kukhulupirira

Masiku ano tikaona kachirombo kachilendo sitifunsanso agogo. Timangotulutsa foni, kujambula, pulogalamu n'kutipatsa dzina la Chilatini nthawi yomweyo, ife n'kuliponya pa WhatsApp ngati nkhani yatha. Koma pali akangaude ena amene akatswiri enieniwo akhala akuwasintha mayina kwa zaka zoposa 100, ndipo ena mwa iwo ndi a kuno ku Malawi.

Ndikunena akangaude a banja lotchedwa Deinopidae. Awa satchera ukonde pakona ya nyumba n'kumadikira ntchentche ayi. Kukada amaluka kaukonde kakang'ono ngati sitampa ya kalata, n'kukagwira ndi miyendo inayi yakutsogolo atalendewera chadodolido. Nyerere kapena kachiwala kakamadutsa pansi, amatambasula kaukondeko n'kukavindikira mwadzidzidzi. Masana amawongola miyendo n'kuoneka ngati kamtengo kouma. N'chifukwa chake mutha kudutsa pambali pake chaka chonse osamuona.

Ena ali ndi maso awiri akuluakulu kutsogolo, oona bwino mumdima. Amenewa anapatsidwa dzina loti Deinopis mu 1839. Ena alibe maso aakuluwo, ndipo Mfalansa wina, Eugène Simon, anawatcha Menneus mu 1876. Mtundu woyamba umene iye anaulemba, Menneus tetragnathoides, mabuku a akatswiri amati umapezeka ku Angola, Tanzania ndi Malawi.

Nanga vuto lili pati? Lili m'botolo. Wasayansi akamapereka dzina latsopano amasunga kangaude amene wamufotokozayo mu sipiriti, ndipo ameneyo ndiye amakhala muyezo wa dzinalo mpaka kalekale. Aliyense wofuna kutsimikiza kuti wapeza mtundu womwewo ayenera kuyerekeza ndi wa m'botoloyo. Mabotolo ambiri a akangaude a ku Africa ali m'nyumba zosungira zakale za ku London, Paris, Berlin ndi Tervuren ku Belgium, chifukwa anatoledwa nthawi ya atsamunda.

Kangaude akakhala mu sipiriti zaka zambirimbiri amasuluka, mimba imafota, miyendo imathyoka. Komanso akangaude sasiyanitsidwa ndi maonekedwe a khungu. Akatswiri amayang'ana ziwalo zoberekera za kangaude wamkulu pa maikulosikopu. Tsono mayina ena akale anaperekedwa poona wamkazi yekha, ena wamwamuna yekha, ena kamwana kosakhwima. Poti wamwamuna ndi wamkazi amaoneka mosiyana, mtundu umodzi utha kukhala ndi mayina awiri. Kapepala ka m'botolo nakonso nthawi zina kamangotchula dziko basi, osati mudzi kapena phiri.

Onani mmene zakhala zikusinthira. Mu 2012, Jonathan Coddington, Matjaž Kuntner ndi Brent Opell anaunikanso banjali ndipo anapeza kuti magulu awiri, Avella ndi Avellopsis, ndi Menneus yemweyo. Mayina awiriwo anasiya kugwira ntchito. Mu 2020 akatswiri ena anakhazikitsa gulu latsopano, Asianopis, la akangaude a ku Asia. Mu 2022 Lisa Chamberland ndi anzake, atayeza DNA, anasamutsira m'gululi akangaude a maso aakulu a ku Africa ndi Australia. Moti kangaude wa ku Mozambique ndi South Africa amene Reginald Pocock anamutcha dzina mu 1898 lero ndi Asianopis cylindrica. Wa ku Africa, koma dzina lake likunena Asia! Deinopis anatsala dzina la a ku America.

Sikuti asayansiwa akusewera. Umboni watsopano ukabwera, dzina limasintha, ndipo ndi mmene ntchitoyi iyenera kuyendera. Chimene chimandidandaulitsa ine n'chakuti umboni wochokera kwathu kuno ndi wochepa.

Tengani kwathu ku Matandani, m'boma la Neno. Ndi kumapiri, kozizira, kuli zigwa, timitsinje ndi tchire, malo amene akangaude otere amakonda. Mishoni ya Adventist inafika kumeneko mu 1908, ndipo mbiri yake inalembedwa bwinobwino. Koma funsani mwana wa sukulu aliyense kuti m'tchire la kuseri kwa kalasi yake muli akangaude amitundu ingati. Onse timangoti kangaude. Uku chaka chilichonse moto wolusa ukupsereza tchire, mitengo ikupita ku makala, minda ikukwera phiri. Chinthu chopanda dzina chikatha, palibe amene amazindikira kuti chatha.

Apa ndi pamene foni ili ndi ntchito yeniyeni. Botolo la ku Paris silingauze munthu kuti kangaudeyo amasaka nthawi yanji, amadya chiyani, amaikira mazira mwezi uti. Inu amene muli ku Matandani, ku Ligowe kapena ku Dambe mutha kuziona ndi tochi ya foni yanu. Mukamupeza, jambulani nkhope yake kuti maso aoneke, jambulaninso kumsana, chifukwa ma Menneus ena ali ndi linunda pamimba. Lembani tsiku, nthawi ndi malo enieni. Ikani pa iNaturalist, pamene akatswiri a mayiko osiyanasiyana amaona zithunzi za anthu wamba. Musamuphe, ndi mnzathu, amadya tizirombo.

Ndipo pulogalamu ikakupatsani dzina lathunthu, muzikayika pang'ono. Imangofanizira chithunzi chanu ndi zithunzi zimene inaonapo kale, ndipo zambiri mwa izo si zochokera ku Malawi. Katswiri woona mtima akaona chithunzi chokha nthawi zambiri amangoti “uyu ndi Menneus” kapena “uyu ndi Asianopis”, n'kuima pomwepo. Kumeneko si kulephera ayi, ndiye kudziwa malire a umboni.

Mu 2022 kaundula wa akangaude a dziko lonse, World Spider Catalog, anafika pa mitundu 50,000, ndipo ntchito yopeza ina ikupitirira. Ndikufuna kuti tsiku lina katswiri akamadzalemba za akangaude oponya ukonde a ku Malawi, asadzadalire botolo lakale lokha. Adzapeze chithunzi cholembedwa tsiku, malo akuti Matandani, ndi dzina la mnyamata kapena mtsikana amene anachijambula.