Zithunzi 1 miliyoni pa moyo wanu: n'zotheka, koma mudzaziona liti?

Pali ojambula ena amene amadziikira cholinga choti asanamwalire adzakhale atajambula zithunzi 1 miliyoni. Ine ndati tiwerengetsere limodzi, anzanga.

Tinene kuti mujambula kwa zaka 40. Ndiye kuti pa chaka mukufunika zithunzi 25,000, kapena kuti 68 tsiku lililonse, kaya mukudwala, kaya kwagwa maliro. Kudina kokhako si nkhani, chifukwa pa ukwati umodzi munthu amajambula mazanamazana. Mavuto ali kwina.

Choyamba, kamera imatha. Pa makamera ambiri otchipa a DSLR, shata anaipangira kudina ka 100,000, ndiye konzekerani kugula ina kapena kukonzetsa mwina ka 10. Chachiwiri ndi posungira: chithunzi chilichonse chikakhala 5MB, zonse pamodzi ndi 5TB. Chachitatu ndi nthawi. Kuyang'ana chilichonse kwa masekondi 10 okha kungakudyereni maola oposa 2,700, musanayambe n'kukonza komwe.

Garry Winogrand, katswiri wojambula m'misewu ya New York, anamwalira mu 1984 n'kusiya mafilimu pafupifupi 2,500 osatsuka. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36, ndiye kuti zithunzi pafupifupi 90,000 mwini wake sanazionepo.

Kwa ine, cholinga chanzeru n'chakuti mwezi uliwonse musankhe zithunzi 5, muzikonze, muzilembe tsiku ndi malo, kenako muzisunge pawiri. Pakatha zaka 40 zidzakwana 2,400, ndipo zimenezo adzukulu anu adzatha kuziona zonse.