Uchi wa ku Misuku pa Chakudya cha Sabata

Sabata lina titatuluka m'mapemphero kuno ku Chitipa, tinayala mphasa kuti tidyere limodzi. Mayi wina anabweretsa mtedza wokazinga wothira uchi. Bambo wina wachikulire, amene achipatala anawapeza ndi matenda a shuga, anatapa kachitatu. Titawanong'oneza kuti, "Bambo, pang'onopang'ono," iwo anaseka. "Ana anga, uwu si shuga ayi. Uchi ndi mankhwala."

Ife a nthambi ya zaumoyo mawu amenewa timawamva kawirikawiri. Masiku ano achinyamata awonjezerapo ena. Amaona pa foni maphikidwe a zotsekemera zothira maple syrup, n'kumatifunsa ngati ameneyo ndiye shuga wosavulaza thupi.

Maple syrup ndi madzi a mtengo wa maple, womwe tsamba lake lili pa mbendera ya Canada. Nyengo yachisanu ikamatha, cha mu Marichi, alimi amaboola thunthu n'kutchera madziwo, kenako amawawiritsa mpaka atalemera. Malita pafupifupi 40 amatulutsa lita imodzi yokha, n'chifukwa chake ndi wodula. Wambiri amachokera m'chigawo cha Quebec. Mitengoyi imafuna usiku wozizira mpaka madzi kuundana, choncho kwathu kuno sitingakolole zimenezi.

Koma sitikusowa kanthu. M'nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa ku Misuku muli ming'oma ya njuchi, ndipo nthochi zimapsa m'minda mwathu. Paliponse pamene maphikidwe atchula maple syrup, uchi ukhoza kulowapo, wocheperako ndithu chifukwa umatsekemera kwambiri.

Chofunika kudziwa n'chakuti uchi ndi maple syrup zonse ndi shuga zikalowa m'magazi. Mu 2015, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika uchi m'gulu limodzi ndi shuga wa mu paketi ndi madzi a zipatso. Linati n'kwabwino kwambiri kuti wamkulu asapyole magalamu pafupifupi 25 patsiku, omwe ndi timasipuni ta tiyi 6. Sipuni yaikulu imodzi ya uchi ili ndi magalamu pafupifupi 17 a shuga. Nalo buku la Miyambo, chaputala 25, limachenjeza za kudya uchi mopyola muyeso.

Nazi zotsekemera ziwiri zomwe timakonza Lachisanu dzuwa lisanalowe.

Choyamba ndi mkate wa nthochi. Sinjani nthochi 6 zakupsa kwambiri, sakanizani ndi makapu awiri a mgaiwa, theka la kapu ya nsinjiro, kamchere pang'ono ndi masipuni aakulu awiri a uchi. Gawani mitanda 10, kulungani m'masamba a nthochi owawula pamoto, ndipo phikani mumphika wa madzi ochepa kwa ola limodzi. Sufuna soda kapena mafuta. Uchi wogwera pa mtanda uliwonse sukwana n'kasipuni kamodzi ka tiyi, ndipo nthochi zikapsa bwino mukhoza kuusiya.

Chachiwiri ndi timipira ta mtedza. Kazingani makapu awiri a mtedza, pukusani, sinjani mosalalitsa, thirani chitowe chokazinga ndi masipuni aakulu atatu a uchi. Umbani timipira 20. Kamodzi kapena tiwiri n'kokwanira mwana, ndipo asagone asanatsuke mano.

Amayi, musamupatse uchi mwana wosakwana chaka, ngakhale kumunyambititsa pa chala. Mu uchi mumatha kukhala tizilombo tomwe timafooketsa khanda mpaka kulephera kuyamwa ndi kupuma. Kuphika sikutipha. Komanso uchi ukauma m'botolo musautaye poganiza kuti ndi wachinyengo. Uchi weniweni umatero, makamaka kukazizira. Ikani botololo m'madzi ofunda, usungunuka.

Odwala shuga afunse achipatala za muyeso wawo, ndipo asasiye mankhwala podalira uchi. Bambo aja tinawayendera kunyumba, tinakhala nawo pakhonde pamodzi ndi mayi a kunyumbako, n'kuwerenga masipuni omwe amathira m'phala la mawere m'mawa uliwonse. Anali atatu aakulu. Anapukusa mutu, nati, "Ndimayesa ndikudzichiritsa."

Sabata lotsatira mkate utafika pamphasa, ananyema pakati, theka lina n'kupatsa mdzukulu wawo.