KOIMIKA LOLE NDI KOGONA USIKU POPITA NDI FODYA KU KANENGO

Alimi anzathu, misika ya fodya imatsegulidwa cha m'mwezi wa Epulo, ndipo malonda amapitirira kufikira mu Ogasiti kapena Sepitembala. Misika ikuluikulu ilipo inayi: wa Limbe, umene unatsegulidwa mu 1938, wa Lilongwe ku Kanengo, wa Mzuzu ndi wa Chinkhoma m'boma la Kasungu. Nkhani ino ikunena za ulendo wa ku Kanengo, koma malangizo ake ndi othandiza popita ku msika wina uliwonse.

Amene munaperekezako fodya mukudziwa kuti si nthawi zonse pamene lole imatsitsidwa tsiku lomwe yafika. Dzuwa limalowa mabelo akadali pamwamba, m'thumba muli mbee chifukwa fodyayo sanagulidwe. Pamenepo funso limakhala limodzi: kodi tiimika pati, ndipo tigona pati popanda kulipira?

Funso limeneli si laling'ono. M'mabelomo muli thukuta lanu lonse, kuyambira pa nazale, kuokera, kuthyola, kupachika m'zigafa, kusankha mpaka kudinda. Usiku umodzi wogona pamalo olakwika ungathe kuononga ntchito ya miyezi yonseyo.

PALIBE MALO OPANDA MWINI

Choyamba kudziwa ndi ichi: pafupi ndi mzinda waukulu palibe malo opanda mwini. Kuchokera mu 1975, pamene Lilongwe anakhala likulu la dziko lino, mzindawu wakhala ukukula chaka ndi chaka. Thengo limene mukuliona lili chete m'mbali mwa msewu ndi la Boma, la khonsolo ya mzinda, la kampani, la esiteti, kapena ndi munda wa munthu umene mfumu yake ikuudziwa. Ngakhale m'mphepete mwa msewu waukulu ndi malo a msewuwo, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe loona za misewu.

Choncho malo aulere alipo ndithu, koma sapezeka poyendayenda mumdima kufunafuna poduka mphepo. Amapezeka popempha kwa eni ake, ndipo kupemphako kuchitike dzuwa lisanalowe. Mlendo wofika masana amaonedwa nkhope, amafunsidwa kumene akuchokera, nalandiridwa. Wofika pakati pa usiku ndi lole yophimbidwa amayesedwa wakuba. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

MUSANYAMUKE TSIKU LANU LISANAKWANE

Njira yoyamba yopewera kugona panja ndiyo kusanyamuka msanga. Fodya salandiridwa pamsika mwachisawawa. Pamakhala ndondomeko ya masiku ndi kuchuluka kwa mabelo amene angatsitsidwe. Kuyambira mu 2012 fodya wambiri amagulitsidwa pa mgwirizano wa mlimi ndi kampani, ndipo wotsalayo pa okushoni. Njira iliyonse imene muli, funsani mlangizi wa kampani, mlembi wa kalabu yanu kapena bungwe la alimi limene munalowa kuti akuuzeni tsiku lenileni loperekera fodya wanu.

Lole yopita tsiku lake lisanafike imangokawonjezera mzere. Fodya amene akudikira m'nyumba youma kwanu ali pabwino kuposa amene akudikira pamsewu, padzuwa masana ndi pamame usiku.

Mugwirizanenso ndi mwini lole musanakweze belo ngakhale limodzi. Kodi lole ikachedwa kutsitsidwa, masiku owonjezerawo alipira ndani? Belo likasowa panjira kapena likanyowa, mlandu ndi wa yani? Lembani zimenezi papepala pamaso pa mboni ziwiri. Lembaninso nambala ya lole, dzina la dalaivala ndi chiwerengero cha mabelo, ndipo pepala lina litsale kwa mlembi wa kalabu.

GONANI KUNJA KWA MZINDA, LOWANI M'MAWA

Ngati ulendo wanu ndi wautali, ndi bwino kugona pamalo ochitira malonda amene ali panjira, n'kulawirira m'mamawa kulowa mumzinda. Kunja kwa mzinda malo ndi otakasuka, anthu amadziwana, ndipo munthu wachilendo woyendayenda pafupi ndi lole amaonekera msanga.

Kanengo ali kumpoto kwa mzinda, pa msewu wa M1. Ochokera ku Kasungu, Ntchisi ndi Dowa mumadutsa pa Mponela kapena pa Lumbadzi, ndipo mumafika ku msika musanalowe pakati pa mzinda. Ochokera ku Mchinji pa msewu wa M12 muli ndi Namitete ndi Msundwe. Ochokera ku Dedza ndi Ntcheu muli ndi Linthipe ndi Nathenje, koma mulawire magalimoto asanachuluke. Kwa opita ku Limbe, malo onga amenewa ndi Namadzi pa msewu wa Zomba, Lunzu pa msewu wa M1 ndi Bvumbwe pa msewu wa Thyolo.

MALO AMENE MUNGAPEMPHE

1. Kwa mbale kapena kwa mlimi mnzanu. Awa ndiwo malo oposa onse. Musananyamuke funsani m'kalabu yanu ngati alipo amene ali ndi mbale wokhala panjirapo, wa bwalo lokwana lole. Mutumizireni uthenga pa foni kudakali masiku awiri kapena atatu.

2. Kwa mfumu ya mudzi wa m'mbali mwa msewu. Imikani lole poonekera, mmodzi wa inu atsike akafunse kwa amfumu. Fotokozani kumene mukuchokera, kumene mukupita ndi nthawi imene munyamuke. Mfumu ikalola, pemphani kuti a chitetezo cha m'mudzi adziwitsidwe, kuti asadabwe nanu usiku.

3. Pafupi ndi polisi. Lowani mu ofesi, dzidziwitseni, ndipo funsani pamene mungaimike. Imikani pokhapo pamene akulozerani. Musatseke chipata kapena njira ya magalimoto awo.

4. Pamalo omwetsera mafuta. Ubwino wake ndi wakuti nthawi zambiri pamakhala magetsi ndi mlonda. Lankhulani ndi woyang'anira malowo, osati womwetsa mafuta yekha, ndipo funsani poyera ngati pali cholipira. Dziwani kuti pamalo otere simungasonkhe moto kapena kusuta.

5. Pabwalo la tchalitchi, mzikiti kapena sukulu. Pemphani kwa abusa, shehe kapena mphunzitsi wamkulu. Pasukulu muchoke ana asanayambe kufika.

Kulikonse kumene mwaloledwa, funsani zinthu zitatu: chimbudzi chili kuti, madzi mutunga kuti, ndipo kodi mungasonkhe moto. Pochoka sesani pamalopo, zimitsani moto ndi madzi, ndipo katsanzikeni. Mukasiya zinyalala mwatsekera njira alimi anzanu obwera m'mbuyo mwanu, ndiponso inu nomwe chaka chamawa.

Musaumirire zaulere pamene palibe. Ngati malo okhawo otetezeka ndi a mpanda ndi mlonda, a kalabu sonkheranani mulipire. Ndalama ya usiku umodzi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa belo limodzi.

MALO OYENERA KUWAPEWA

Musaimike pamsewu penipeni, pokhota, pamlatho, pamwamba pa chitunda kapena potsetsereka. Lole yoima mumdima yopanda nyale yapha anthu ambiri m'misewu yathu. Ngati yawonongeka ndipo simungathe kuichotsa, ikani zizindikiro zonyezimira za makona atatu zija, china kutsogolo china kumbuyo, patali ndithu ndi lole. Nthambi za mitengo zimene timakonda kuyala pamsewu sizioneka bwino usiku.

Musalowe m'nkhalango za Boma monga Dzalanyama poganiza kuti m'thengo mulibe wofunsa. Lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo ndi kukhala m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo kuyatsamo moto mosasamala ndi mlandu. Komanso malo obisika amene inu mwawakonda, akuba nawonso amawakonda. Pamene palibe wokuonani, palibenso wokumvani mukakuwa.

Musaimike pafupi ndi malo omwera mowa. Phokoso limabisa mapazi a wakuba, ndipo mlonda amene mwamusiya pa lole sachedwa kukokedwa ndi nyimbo.

Musalowe m'munda, m'dambo kapena mumpanda wa kampani popanda chilolezo. Lole yolemera imatitimira m'dothi lofewa, ndipo kulowa pamalo a mwini popanda kupempha kungakufikitseni kubwalo la milandu.

KUSAMALA FODYA USIKU

Adani a fodya usiku ndi atatu: chinyezi, moto ndi akuba.

M'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye mame amagwa ambiri. Fodya akanyowa amachita chuku, ndipo belo la chuku limabwezedwa kapena kugulidwa pamtengo wolira nawo. Phimbani mabelo onse ndi tenti yosabooka, mumange zingwe mbali zonse dzuwa lisanalowe. Musatsitse mabelo pansi, ndipo musagone pamwamba pake. Zigubu za mafuta a galimoto, palafini, feteleza ndi mankhwala zikhale kutali, pakuti fodya amatenga fungo msanga. Samalaninso kuti timapulasitiki, ulusi wa matumba ndi nthenga zisamatirire pa ziguduli, chifukwa ogula amakana fodya wokhala ndi zinthu zachilendo.

Fodya wouma ndi ziguduli sizichedwa kuyaka. Moto wophikira ukhale patali, kumbali imene mphepo ikupita, kuti zothetheka zisaulukire ku lole. Pa miyezi imeneyi udzu umakhala utauma, choncho lambulani pamalopo musanasonkhe.

Za akuba, mankhwala ake ndi kukhala maso. Pa lole pakhale anthu osachepera awiri olondera mosinthana, wina kugona wina kudzuka. Khalani ndi tochi, wenzulo ndi foni yokhala ndi moto. Ngati malole ali angapo, imikani pamodzi. Imikani lole itayang'ana kotulukira, ikani miyala kumatayala, ndipo werengani mabelo madzulo ndi m'mawa pamaso pa dalaivala.

Akuba ena sabwera ndi mpeni, amabwera ndi mawu okoma. Wina adzati, "Bambo, mukuvutikiranji pamzere? Ndigulitseni pompano." Wina adzati akudziwana ndi a pachipata, mungomupatsa kangachepe. Musawamvere. Mavenda otere amagula motchipa kuti akapindule ndi thukuta lanu, ndipo wolandira ndalama ya chiphuphu mawa lake simumuonanso. Ngati pali chovuta pa mzere, kadandauleni ku ofesi ya msika, kwa oimira bungwe lanu la alimi kapena ku bungwe la Tobacco Commission.

KUDZISAMALA INU ENI

Usiku wa mu Juni ndi Julaye ku Lilongwe kumazizira, nthawi zina kutsika pansi pa madigiri 10. Tengani bulangete, chipewa, mphasa ndi neti yoteteza udzudzu. Koma chenjerani ndi ichi: musalowetse mbaula ya makala m'chipinda cha dalaivala kapena pansi pa tenti yotseka. Makala amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Injini yosiyidwa ikulira pamalo otsekeka imachita chimodzimodzi. Musagonenso pansi pa lole, chifukwa dalaivala angaisunthe mumdima osakuonani.

Tengani ufa, ndiwo zouma, mchere, mpoto ndi chigubu cha madzi zokwanira masiku angapo, kuti musagule chakudya chodula cha mumzinda. Madzi akumwa muwiritse kapena muthiremo mankhwala a kolorini. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matendawa amafala msanga pamene anthu aunjikana popanda zimbudzi zokwanira. Gwiritsani ntchito chimbudzi, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanadye.

Ndalama za fodya zimalowa ku banki, choncho palibe chifukwa chogonera mumzinda kuzidikira. Lole ikatsitsidwa ndipo mwalandira mapepala anu, amene mulibe ntchito ina pamsika bwererani kwanu.

MAPEPALA NDI APOLISI

Yendani ndi chiphaso chanu cha unzika, chiphaso chosonyeza kuti ndinu mlimi wolembetsa, ndi kalata yoperekera fodya yosonyeza chiwerengero cha mabelo. Inu amene mumalima pa esiteti ndipo mwatumidwa kuperekeza fodya, pemphani kalata ya mwini esiteti kapena kapitao yonena kuti akutumani. Fodya wina amazembetsedwa kupita kunja kwa dziko, n'chifukwa chake apolisi amafunsa akaona lole ya fodya usiku. Yankhani mwaulemu ndipo onetsani mapepala.

Ambiri mukukumbukira mlandu wa vakabu. Mu 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo la lamulo limene linkalola kumanga munthu chifukwa chongopezeka pamalo ndi kumuganizira zoipa ndi losemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Chigamulochi sichikupatsani ufulu wolowa pamalo a eni kapena wotseka msewu. Chitetezo chanu chenicheni ndi chilolezo cha mwini malo ndi mapepala okwanira.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Dziwani tsiku lanu musananyamuke. Sankhani kogona mudakali kwanu, ndipo konzani malo achiwiri ngati oyambawo alephereka. Fikani dzuwa lisanalowe, pemphani kwa mwini malo, phimbani mabelo, sonkhani moto patali, ndipo londerani mosinthana. Kambiranani zimenezi pamsonkhano wa kalabu yanu msika usanatsegulidwe, ndipo musankhe anthu odalirika, osamwa mowa paulendo, oti aperekeze fodya.

Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Belo limene silinatsitsidwe ndi kuyezedwa pamsika likadali pachala. Lisamaleni kufikira mutalandira pepala lake m'manja.